Ngolo Zosaona Munthu Wowerama

"Ndikufunsa za tepi iyi, abambo a mapasa. Za sopo tikambirana pambuyo."

Make Mapasa anali ataima pakhomo la kuchipinda, ovololo ya mwamuna wake ili paphewa, m'dzanja muli mpukutu wa tepi yakuda womwe anaupeza m'thumba pofuna kuchapa. Mwamunayo, kapitawo wa kushedi komwe onse awiri ankagwira ntchito, anali pampando akumanga zingwe za nsapato. Anazimanga, n'kuzimasula, n'kuzimanganso.

"Tepi ndi tepi. Kapitawo sayenda wopanda tepi. Makatoni amang'ambika."

"Makatoni timamata ndi yoyera ija. Yakudayi ndaiona malo amodzi okha, pa diso lam'munsi la ngolo. Ine ndinkati anamata ndi anyamata a makina. Kani womatayo ndimamuphikira ndekha."

"Tsitsani mawu. Achemwali ali maso."

"Ali maso kumene. Munthu wothyoka fupa la m'chiuno tulo angatipeze kuti? Asiyeni amve."

Shediyo inali chinyumba chachitali chosungiramo katundu, mashelefu achitsulo atandandalika mizeremizere mpaka kudenga. M'mipata ya mashelefumo munkayenda ngolo zopanda woyendetsa. A kampani ankazitcha maloboti, koma antchito ankangoti ngolo. Iliyonse inali ndi maso awiri kutsogolo. Lam'mwamba linkaona munthu woimirira, lam'munsi linkaona chilichonse chofupika. Vuto la diso lam'munsi linali mantha. Kapulasitiki kokutira makatoni kakangouluka, ngolo inkaima n'kuyamba kulira, zinzake n'kuima pambuyo pake, malole akudikira panja. Bwana wa shediyo, yemwe antchito anamupatsa dzina loti Fulumirani chifukwa ndi mawu omwe sankachoka pakamwa pake, anatopa nazo. Tsiku lina maso am'munsi onse anapezeka atamatidwa, ndipo ngolo zinasiya mantha.

Amayi osesa mushedimo ankasesa ndi matsache aafupi, atawerama, chifukwa fumbi limabisala kunsi kwa shelefu yomaliza komwe tsache lalitali silifika. Alamu ake a Make Mapasa, mlongo wamkulu wa Kapitawo, anali atawerama chomwecho pamene ngolo yodzaza matailosi inawapeza. Sinachepetse n'komwe liwiro. Kuofesi kunamveka zoti mayiwo anaterereka okha pamadzi.

"Mukuganiza kuti ndinamata mokondwa?" anatero Kapitawo, maso ali pansapato. "Anandituma. Ndikanakana, akanamata wina, ine panja, inunso panja. Nyumba ino ndi ya kampani, mukuiwala? Ana awiriwa mukawagoneka kuti? Achemwali omwewo mukawagoneka kuti?"

"Ndiye denga ili tagula ndi chiuno cha mlongo wanu."

"Pakamwa panu, amake mapasa."

"Pakamwa panga pali bwinobwino, simunapamate. Ine ndikupempha chimodzi. Kamatuleni. Ndikusesabe m'mipata momwemo, ine ndi anzanga aja. Kapena mukufuna matiresi achiwiri m'chipinda muja?"

"Mukamasesa muzitchera khutu."

"Khutu lake liti? Mafani a kudenga akulira, malole akulira, ngolo zanu zikuyenda monyang'ama ngati mphaka. Alamu anga alibe makutu?"

Kapitawo anaimirira, n'kulanda tepiyo, n'kuiika m'thumba la malaya. Tiyi wake anamusiya patebulo akufuka nthunzi.

Alamuwo ankagona m'chipinda cha ana, pamatiresi oyalidwa pansi, chifukwa kukwera bedi kunali nkhondo. Mapasa anawasamutsira pabalaza. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito, Make Mapasa ankabwera ndi beseni la madzi ofunda kudzawapukuta. Tsikulo anafinya thaulo mwamphamvu ngati lamulakwira.

"Mlamu, ndamva zonse," anatero odwalawo.

"Ndimafuna mumve."

"Musiyeni mwana uja. Palibe chachilendo chomwe mwandiuza. Ndinamuona ndi maso anga akumata, ngolo zili pamalo pake pomwe zimamwa magetsi. Ndinamufunsa kuti, achimwene, nanga ife owerama titani? Anati ndi za masiku ochepa, achemwali, malole akachepa ndimatula."

Make Mapasa anasiya thaulo m'madzi. "Munkadziwa, n'kukaweramabe?"

"Nanga ndikanasesa ndi chiyani, ndi maso? Mverani, mlamu. Mwana uja ndinamulera ndine. Ukapitawo umene uja tinauvinira tonse. Fupa limalumikizana, koma ntchito ikapita sibwerera. Akandifunsa a kuofesi ndinena zomwezo, ndinaterereka."

"Pamadzi ati? Mpata wachitatu sitikolopa, mukudziwa."

"Ndinaterereka basi."

Make Mapasa anawatembenuza mosamala, iwo akuluma milomo. Ankawakonda alamu akewa, ndipo chikondi chomwecho ndi chimene chinamupsetsa mtima kwambiri. Munthu wathyoledwa, n'kumatetezanso dzanja lomwe lamuthyola. Anawafunditsa, n'kuwaikira madzi akumwa pafupi, n'kutuluka osatsanzika.

Sabata yotsatira Bwana Fulumirani anaitanitsa osesa onse pakhomo la shedi. Pambali pake panali mtolo wa matsache atsopano a mipini yaitali, ndipo Kapitawo ndiye ankagawa.

"Kuyambira lero palibe kuwerama," anatero bwanayo, akuyang'ana wotchi. "Loboti imaona munthu woongoka. Wowerama, zake zimenezo. Tamvana? Fulumirani, malole ali panja."

Make Mapasa analandira tsache lake, n'kuliyang'ana kuyambira kumpini mpaka kumapeto. "Bwana, ndifunse nawo?"

"Mwachidule."

"Munati alamu anga anaterereka pamadzi. Nanga matsache aataliwa ndi oumitsira madziwo?"

Amayi ena anabisa nkhope kumipini ya matsache. Wina anatsokomola chifuwa chomwe analibe. Bwanayo anatembenukira kwa Kapitawo.

"Uyu si mkazi wako?"

"Ndi mayi a kunyumba, bwana."

"Ndiye ukamuyankhire kunyumba komweko."

Matsache aataliwo sanakhalitse paulemu. Asanathe masiku angati, Fulumirani yemweyo anapisa chala kunsi kwa shelefu, n'kuchitulutsa chakuda, n'kukalipa kuti amalemba anthu odzavina ndi mitengo. Amayiwo anamva. Anatulutsa matsache awo aafupi komwe anawabisa, kuseri kwa migolo ya zinyalala, n'kuyambiranso kuwerama. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ankasesa awiriawiri, wina atawerama, mnzake ataimirira pambali ngati mlonda kuti ngolo ione iyeyo. Bwana ataona, anati anthu awiri pa tsache limodzi ndi kuba nthawi ya kampani, ndipo anawabalalitsa.

Kunyumba Make Mapasa ndi mwamuna wake ankalankhulana kudzera mwa ana. Kauzeni bambo anu madzi ali kubafa. Kawauzeni mayi anu ndamva.

Kenaka kunamveka kuti kubwera alendo, anthu oyendera za chitetezo cha antchito, chifukwa mbiri ya wosesa wovulala inali itawafika. Shedi inapentedwa mizere yachikasu yatsopano. Aliyense anapatsidwa chipewa cholimba, ngakhale mlonda wa pageti. Make Mapasa mtima unakhala pansi kwa nthawi yoyamba. Sanauze munthu zomwe ankaganiza, koma tsache lake lalifupi analiika pafupi.

Alendowo anali atatu, bambo wa magalasi ndi amayi awiri. Fulumirani anawatsogolera ku mpata wachitatu, akuseka ndi mano onse. Anaima yekha pakati pa njira, manja m'chiuno. Ngolo inabwera ndi katundu wake, n'kuima patali ndithu. Alendo anagwedeza mitu.

Pomwepo Make Mapasa anatuluka kuseri kwa shelefu. Ngolo itayambanso kuyenda, iye analowa m'njira, n'kuwerama, n'kuyamba kusesa kunsi kwa shelefu. Anali atawerengera kuti mwamuna wake ali pafupi ndi batani lofiira loimitsira zonse, ndipo adzalimenya alendo akuona. Koma batani silinafunike. Ngolo inaima yokha bwinobwino, n'kuyamba kulira mwaulemu kupempha njira.

Bambo wa magalasi anaomba m'manja. "Ngakhale munthu wowerama imamuona. Zabwino kwambiri."

Make Mapasa anadzuka n'kuyang'ana. Diso lam'munsi linali loyera, lopukutidwa ngati galasi la mkwatibwi. Manyazi anamugwira, koma pakamwa sanatseke.

"Dzulo diso ili linali lomata ndi tepi. Ngolo zonse. Ndi chifukwa chake alamu anga ali gone kunyumba kwanga."

"Mumukhululukire," anatero Fulumirani mofatsa, ngati m'busa. "Wovulala uja ndi m'bale wake, ndiye maganizo sali m'malo. Koma musamve za ine. Kapitawo wathu ndi uyu, ndi mwamuna wake, ndipo wovulalayo ndi mlongo wake weniweni. Mfunseni."

Mmodzi wa alendo aakazi aja anatembenuka. "Bambo, zikunenedwazi n'zoona?"

Kapitawo anayang'ana mkazi wake, anayang'ana bwana, kenaka anapeza mzere wachikasu pansi n'kuuyang'anitsitsa.

"Monga mwaonera, mayi, ngolo yaima."

Alendo anapita kukamwa zoziziritsa kukhosi kuofesi. Galimoto lawo lisanatuluke n'komwe pageti, Make Mapasa anamva ndi makutu ake bwana akuuza Kapitawo kuti mawa ntchito isanayambe maso onse akhale atabwerera mwakale.

Madzulo ake chakudya chinafika patebulo, koma mayi wa nyumba sanakhale. Anatumiza ana kukadyera kwa aneba, n'kutsekula chitseko cha chipinda cha odwala kuti mawu azilowa bwino.

"Monga mwaonera, ngolo yaima," anatero, akutsanzira mawu a mwamuna wake. "Sukulu yake munaphunzira kuti, abambo a mapasa? Bodza osanama."

"Munafuna ndinene chiyani? Munandiika pakati pa anthu ngati wakuba wogwidwa pamsika. Mukanandiuza kaye."

"Ndikanakuuzani kuti mukauze bwana wanu? Mwandisandutsa wamisala pamaso pa alendo. Zimenezo ndakhululuka, misala siipha. Koma mawa mukukamatanso."

"Ndi za masiku ochepa, malole akachepa..."

"Mawu amenewo munawauza kale munthu wina. Ali m'chipinda umo, akukodzera m'chitini."

Kapitawo anakankha mbale. Nkhope yake inali ya munthu wotopa, ndipo kunena zoona ankamvetsa chisoni. Sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha, ndipo mantha ake ankawatcha kusamala banja.

"Ndiye chokani kuntchitoko," anatero. "Khalani pakhomo muzisamala achemwali. Ndikwanitsa ndekha."

"Ine ndichoke, ndiye athyoledwe ndani m'malo mwanga? Mtsikana woyembekezera uja wa mpata wachisanu? Sindichoka. Ndikuuzeni zomwe ndichite mawa, kuti musadzati sindinakuuzeni. Ngolo za matailosi zikayamba kuyenda, ine ndikalowa mpata wachitatu ndi tsache langa lalifupi. Ndikawerama pomwe anawerama alamu anga, msana ndikalozetsa komwe ngolo imachokera. Diso lake sindikaliyang'ana, lomata kapena losamata. Mlonda sindikhala naye. Ndipo inu nthawi imeneyo mumakhala kumalole, kutali ndi batani lanu lofiira."

"Mwapenga."

"Anena kale abwana anu."

"Muli ndi ana, amake mapasa."

"Inunso muli nawo. Tepi ili m'thumba mwanu, msana uli pa ine. Aliyense akagwire ntchito yake."

"Achemwali," anaitana Kapitawo, "mukumva zomwe akunena alamu anuwa? Alankhuleni."

M'chipindamo munatuluka mawu, otsika koma omveka.

"Ndinakuikira kumbuyo, achimwene. Ndinanamiza a kuofesi, ndinanamiza adokotala, ndimati ndikuteteza mwana wanga. Lero ndamva kuti unamatula maso aja chifukwa cha alendo odzamwa zoziziritsa kukhosi. Alendo unawamatulira. Ine sunandimatulire. Usandifunsenso kanthu."

Kapitawo anakhala pampando paja mpaka chakudya chinazizira. Mkazi wake anachotsa mbale, n'kukazitsuka, n'kukatenga ana.

M'mawa mwake mwamunayo analawira kusanayere bwino, monga anachitira tsiku lomata lija. Sanatsanzike. Make Mapasa anapukuta alamu ake, anakonzekeretsa ana, n'kuwapsompsona pamphumi, chinthu chomwe sankachita kawirikawiri, mpaka anawo anayang'anana. Kulimba mtima kwa dzulo kunali kutatsala patebulo paja, ndipo chomwe chinamuperekeza kuntchito ndi mantha okhaokha. Mwamuna wake ankamudziwa, koma ankadziwanso momwe mwamunayo ankanjenjemerera bwana akangokweza mawu. Mwina wamata poganiza kuti mkazi wangoopseza.

Polowa mushedi anayang'ana kudenga dala kuti maso ake asagwere pa ngolo iliyonse. Anatenga tsache lalifupi kuseri kwa mgolo. Anzake anamuyang'ana, ndipo mtsikana woyembekezera uja anamugwira mkono.

"Amayi, musatero."

"Pita ukasese kwako, mwanawe. Ndipo uime choongoka."

Mpata wachitatu unali wautali, wozizira, wonunkha makatoni. Anafika pamalo paja, pomwe mwendo wa shelefu unali wopindika pang'ono chichitikire ngoziyo. Anawerama. Analowetsa tsache kunsi, n'kukoka fumbi, n'kulowetsanso. Mafani ankalira kudenga. Kumbuyo kwake sankamva kanthu, koma pansi panayamba kunthunthumira pang'onopang'ono m'mapazi mwake, momwe pamachitira ngolo yolemera ikamayandikira. Thupi lonse linkamuuza kuti adumphe. Anaganiza za mapasa, analuma mano, n'kulowetsanso tsache.

Kunthunthumira kuja kunaleka. Kenaka kulira kwa ngolo yopempha njira kunamveka kumbuyo kwake, pafupi kwambiri.

Make Mapasa sanatembenuke. Misozi inagwera pafumbi lomwe anasonkhanitsa, koma dzanja linapitiriza kusesa. Kumpata wachinayi ngolo ina inayamba kulira, kapulasitiki kataidutsa kutsogolo. Ina inayankha kumapeto kwa shedi. Posakhalitsa chinyumba chonse chinali phokoso la ngolo zamantha.

Fulumirani anatulukira akuthamanga, tayi ili paphewa, Kapitawo akubwera pambuyo pake mosafulumira.

"Ndinakuuza chiyani dzulo? Malole adzaza panja. Chotsa mkazi wakoyu, umate maso awa tsopano lino."

"Akusesa, bwana," anatero Kapitawo. "Ngolo idikire. Ine sindimatanso. Ndinamata kamodzi, ndinathyola mlongo wanga."

Ananena mokweza, ndipo osesa, onyamula makatoni ndi anyamata a makina omwe anali atasonkhana kumapeto kwa mpata anamva.

"Ndiye ukapitawo wako wathera pano. Ndi nyumba yomwe. Mwezi uno usanathe ndipeze mwatuluka."

Make Mapasa analibe kwina kopita ndi ana awiri ndi munthu wosayenda. Mwamuna wake anavula chipewa cholimba, n'kuchiika pakatoni, n'kutulutsa tepi m'thumba, n'kuiika pamwamba pa chipewacho.

Bwanayo anaitola n'kuilozetsa kwa anyamata a makina. "Iwe, bwera umate."

Mnyamatayo anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake. Mnzake anayang'ana mafani. Fulumirani anazungulira ndi tepi ili m'manja ngati wogulitsa malonda osayenda, ndipo palibe anatambasula dzanja.

"Chabwino. Ndimata ndekha."

Anapita kutsogolo kwa ngolo, pakati pa iyo ndi Make Mapasa, n'kukoka buluku m'mawondo, n'kunyonyomala. Anang'amba tepi ndi mano. Dzanja lake linafika pafupi ndi diso lija. Pamenepo anakweza nkhope, n'kuona makatoni a matailosi atasanjikizana pamwamba pake mpaka kuphimba magetsi a kudenga. Ngoloyo inali yoyaka, yokonzeka kunyamuka, ndipo chomwe chinkaigwira ndi diso lomwe iye ankafuna kulitseka. Dzanja linaima m'malere.

Make Mapasa anatembenuka tsopano, akadali chiweramire, nkhope yake ili pafupi ndi ya bwanayo.

"Matani, bwana," anatero motsitsa. "Mwawerama kale."

Fulumirani sanamate, ndipo sanadzuke msanga. Anakhala chinyonyomalire, kachidutswa ka tepi kali lende pachala, anthu onse akumuyang'ana. Make Mapasa anamupempha kuti asunthe phazi pang'ono, chifukwa pansi pa nsapato yake panali fumbi.